Finisha anandilanda ntchito, ine ndinamudyetsa mapini

Kwa zaka 14, finisha wa pa ofesi yathu ndinali ine. Dzinalo sindinkalidziwa, koma ntchito yake ndinkaigwira. Kukamayandikira msonkhano wa mabwana, ndinkayala milu ya mapepala patebulo lalikulu, mulu wa tsamba loyamba apa, wa tsamba lachiwiri apo, mpaka tebulo lonse mbuu. Kenako ndinkayamba kuzungulira ngati ndalowa m'bwalo la chimtali. Chala kukamwa, tsamba. Chala kukamwa, tsamba. Ndikamaliza bwalo limodzi, gogogo patebulo kuti mapepala afanane milomo, kenako sitepula, khatcha! Pofika usiku lilime linkakhala litauma gwa, koma kunkakhala kandalama ka ovataimu, Fanta ndi banzi. Ana anga awiri anamaliza sekondale ndi malovu amenewo.

Ndiye tsiku lina kunabwera makina atsopano a fotokope. Ofesi yonse inathamangira kukaona galasi lake lodina ndi chala ngati foni. M'mbali mwake anamamatizako kabati yofika m'chiuno, yokhala ndi mathireyi otuluka ngati malilime. Palibe amene anaipatsa moni. Wobweretsa makinayo anaimenyamenya pamsana n'kunena kuti, “Uyu ndi finisha. Amasanja mapepala, amawafananitsa, amaboola, amamanga ndi pini.” Ine m'mimba munazizira. Munthuyo ankatchula ntchito zanga, m'ndondomeko yake yeniyeni, pamaso pa abwana.

Ndi Chester Carlson, mzungu wa ku America amene anatulukira luso la fotokope mu 1938, ndilibe naye mlandu. Iye anangotopa ndi kukopera zikalata pamanja. Ngakhale a Xerox, amene anatulutsa makina awo otchuka a 914 mu 1959, ndawakhululukira. Makina akamachulukitsa mapepala, ntchito yanga inkachulukanso. Amene ndikufuna kukumana naye pamaso ndi uja anakhala pansi n'kuganiza kuti makina azimanganso okha.

Tinayamba kukhala ngati akazi a pamitala. Iye ankatenga ntchito zooneka, ine ndinatsala ndi tiyi, makalata ndi mzere wa kubanki. Koma poti mpando wanga uli pafupi naye, anthu anangondidzoza kukhala katswiri wake. Pepala likatsakamira mumangomva, “Madala, tabwerani, mnzanu wayambanso.” Mankhwala anga anali atatu: kutsegula zitseko zonse n'kutsekanso, kuzimitsa n'kuyatsanso, ndipo zikakanika, khofi limodzi la pamsana monga tinkachitira ndi wayilesi ya mabatire. Nthawi zina zinkatheka. Ulemu unakula, ndipo mutu unakula nawo.

Mu Januwale, mvula ili pakati, kutatsala masiku awiri kuti mabwana akumane, makina analemba pagalasi kuti mapini atha. Amayi a ku akaunti anati kugula katiriji ya mapini kumafuna makoteshoni atatu ndi masiginecha awiri, ndipo mwini siginecha yachiwiri anali ku maliro kumudzi. Ine ndinaseka. Pini ndi pini. Ndinatuluka, ndinawoloka msewu, ndinagula kabokosi ka mapini a sitepula pagolosale ndi ndalama yangayanga. Ndinasolola kakatiriji kopanda kanthu kaja, ndinathyolathyola mapini anga kuti akwanemo, ndinawakanikiza ndi chala chachikulu, n'kubwezera. Sanalowe mwaulemu, koma analowa.

Ndinadina batani. Mapepala anayamba kuyenda bwinobwino, ine manja m'thumba. Kenako mkati munamveka khotcho, ngati munthu watafuna mwala m'mpunga. Kanyali kofiira. Ndinatsegula chitseko, ndinaona nsonga ya pepala, ndinaikoka mobwerera kumbuyo, inang'ambika. Chotsalacho ndinachilondola ndi foloko ya m'khitchini. Ndinapereka mankhwala onse atatu, lachitatulo kawirikawiri. Finisha anangoti duu.

Mmisiri anafika mawa lake pa kabaza. Mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ndinkayembekeza bokosi lalikulu la masipanala, koma m'chikwama chake munatuluka sikuludiraiva, kaburashi, kansalu, katochi ndi kampira kopemerera mpweya. Ndinati mumtima, awa abwera kudzameta anthu kapena kudzakonza makina? Choyamba anazimitsa n'kuzula pulagi kukhoma, chinthu chimene ine ndi foloko yanga yachitsulo sitinachiganizire.

“Madala, alipo anagwirako muno?”

“Aaa, achimwene, pano pamadutsa anthu ambiri.”

Sanayankhe. Anagwada, anayatsa katochi, n'kuyamba kundionetsa njira imene pepala limayenda, ngati akundiyendetsa m'mudzi womwe ndakhalamo zaka zambiri osadziwa kumene kuli chitsime.

Pepala, iye anati, limatuluka mu fotokope lili lotentha, chifukwa tona si inki yamadzi ayi, ndi ufa umene umasungunulidwa ndi kutentha koyandikira madigiri 200 kuti umamatire. Likatero limawoloka kamlatho n'kulowa mwa finisha. Pakhomo penipeni pali sensa: kanthu kakang'ono kokhala ndi mpata pakati, kuwala kumadutsa kuchoka mbali ina kupita mbali inzake, ndipo pali kambendera kapulasitiki kamene pepala limakankha podutsa. Masensa otere ali ponseponse m'njira. “Makinawa alibe maso, madala. Ali ndi wotchi. Amadziwa kuti pepala likadutsa apa, liyenera kufika apo pa nthawi yakuti. Likachedwa kufika kapena likachedwa kuchoka, amaima n'kunena kuti latsakamira.” Ndinati ndiye kuti ndi chimodzimodzi amayi a kaundula wa pageti, amene safuna kumva za mvula kapena za minibasi. Mmisiri uja analowetsa kaburashi kake n'kutulutsa kachidutswa ka pepala kosaposa chikhadabo. Kanali katapanikiza kambendera kaja. Kanthu kameneko kokha kanali kokwanira kuti makina onse alumbire kuti muli pepala mkati. M'mbali mwake munali timabowo tinayi tofanana ndendende ndi mano a foloko. Anakayang'ana, anandiyang'ana, n'kukaika pambali ngati umboni wa kukhoti.

Anapitiriza. Pepala likadutsa mawilo a rabala limagwera pathireyi ya mkati pomwe anzake amadikirana. Pali timapiko ta rabala timene timazungulira n'kulimenya kuti libwerere lifike kumapeto, ndipo m'mbali zonse ziwiri muli timipanda timene timabwera n'kufinya muluwo kuti ufanane. Apa ndinaima kaye. Gogogo wanga uja wa patebulo, amene ndinkati ndi luso la zaka 14, anthu anamupangira kamota ndi lamba. Mapepala akakwana, mutu wa sitepula umayenda pakanjanji kake kupita pakona, kapena pamalo awiri m'mbali, n'kukhoma. Kenako mpukutuwo umakankhidwira kunja, thireyi n'kusuntha pang'ono kuti mpukutu uwu usasakanikirane ndi unzake.

Atafika pa mutu wa sitepula anasiya kulankhula. Anasolola katiriji, anaigwedeza pachikhatho, mapini anga a kugolosale anagwa opindikapindika ngati mafupa a usipa. M'chikwama anatulutsa ya eniake kuti ndione. Abale, mapini a finisha sali ngati mapini amene inu ndi ine timawadziwa. Ndi timawaya towongoka, togona motsatana, tomatidwa ngati kamphasa kakang'ono, timphasato n'kusanjikizana, ndipo mu katiriji imodzi mumatha kukhala mapini 5,000. Makina amatenga kawaya kamodzi, amakapinda okha kuti kakhale ndi miyendo iwiri, amakakhoma m'mapepala, n'kupinda miyendoyo kunsi. Ine ndinawapatsa opinda kale. Zili ngati kuthira nsima yophika kale m'chigayo. Kachitsulo kokhomera kanayesa mphamvu zake zonse, kanakumana ndi katundu wanga, kanakhota.

“Komanso, madala, uyu malire ake ndi mapepala 50 a pepala wamba ili la magalamu 80. Mukamupatsa malipoti onenepa kuposa apo, mukumupha pang'onopang'ono.” Ndinakumbukira lipoti la pachaka la masamba 70 limene ndinkamukakamiza mu Disembala, ndikumunena kuti ndi waulesi. Safunsa anadya phula, koma ine ndinadyetsa mnzanga.

Ndinkaganiza kuti mlandu wathera pomwepo. Ayi ndithu. Anatsegula kachitseko kena kamene ine sindinkadziwa kuti ndi chitseko, n'kusolola kabokosi. Finisha akamaboola mabowo awiri aja, otalikirana mamilimita 80 kuti pepala lilowe mu fayilo, timapepala tozungulira timagwera m'kabokosi kameneka, ndipo kamafuna kukhuthula. Chibwerereni makinawo, palibe anakakhuthulapo. Katadzaza, timapepalato tinayamba kusefukira m'magiya. Atakhuthula panyuzipepala, unali mulu woti amayi a ku akaunti, amene anabwera kudzaonerera, anapempha kuti tiwasungire, mphwawo akukwatiwa mwezi wa mawa. Pagalasi makina akhala akulemba uthenga wa zimenezi, koma ine ndinkaudina kuti uchoke monga timachitira ndi mauthenga a ngongole ya mayunitsi.

Kenako anayang'ana kunsi kwa thireyi ya kunja. Thireyi imeneyi imatsika yokha mulu ukamakula, ndipo pali sensa yoona kutalika kwa muluwo. Kunsi kwake, poti pamakhala pabwino posafika maso a anthu, ndi pomwe ndimasunga majombo anga a mvula ndi kontena ya nkhomaliro. Thireyi ikamatsika inkakumana ndi majombo, mota n'kumalira. Kulira kumeneko ine ndinkauza anthu kuti ndi vuto la magetsi.

Chimene chinandikhudza ndi cha mapepala. Anafunsa kumene timasunga. Ndinamuonetsa pansi, pakona, pafupi ndi zenera losatsekeka bwino, marimu atatu otsegula nthawi imodzi. Anatenga pepala limodzi, analigwedeza, silinalire n'komwe, linangoti lobodo. Pepala limamwa chinyezi, makamaka nyengo ya mvula. Likadutsa pamoto paja madzi amachoka mosafanana, pepala n'kupindika ngati chikopa cha mbuzi choyanika padzuwa. Mu fotokope limatha kudutsa, koma likafika kwa finisha, kumene liyenera kugona chafufumimba kuti anzake agone pamwamba pake, limadzutsa mutu, lotsatira n'kuligunda. “Anthu amati finisha ndi wovuta,” anatero mnyamatayo akupukuta mawilo ndi kansalu konyowa pang'ono, “koma zambiri zimayambira kutali. Iye amangokhala womaliza.”

Apa ndiye ndinamuyang'ana finisha ndi maso ena. Kalata imakhala pa desiki ya abwana masiku asanu kudikira siginecha, ine ndimapatsidwa Lachisanu 4 koloko, ndipo ikafika mochedwa funso limakhala lakuti mesenjala anadzera kuti. Zaka zonsezi ndimachitira nsanje mnzanga wa ntchito imodzi, womenyedwa makofi pa zolakwa za ena, ndipo womenyayo ndi ine.

Chisoni chisanandipitirire, mnyamata anandiphunzitsa zochepa zimene ndikuloledwa kuchita. Ndizigwira zogwirira zokhala ndi utoto wobiriwira kapena wabuluu zokha, chifukwa zimenezo ndiye anaikira anthu ngati ine. Pepala lotsakamira ndizilikoka ndi manja awiri, pang'onopang'ono, kulowera kumene limapita. Ndikalitulutsa ndizionetsetsa kuti makona onse anayi alipo. Mawilo akayamba kunyezimira ndi fumbi la mapepala amaterereka, ndipo mankhwala ake ndi kansalu konyowa, osati mafuta. Sindinamuuze kuti kabotolo ka mafuta a makina osokera a mayi a kunyumba kanali kale m'thumba la jekete, kudikira nthawi yake.

Mutu wa sitepula unafunika watsopano, ndipo anati woitanitsa ku Johannesburg, milungu itatu. Polemba lipoti ndinamuyandikira. “Achimwene, inunso muli ndi makolo.” Anaganiza pang'ono n'kulemba kuti mwapezeka zinthu zachilendo mkati. Abwana powerenga anafunsa kuti zachilendozo zinalowa bwanji. Ofesi yonse inayang'ana kudenga, ine ndinathandiza nawo kuyang'ana.

Akunyamuka, mnyamata anandiuza kuti wazimitsa mbali ya sitepula yokha, koma makina akhoza kusanjabe mapepala m'ndondomeko, changa n'kungomanga pamanja. Ndinamupempha kuti atsitse mawu, n'kumuperekeza mpaka pa kabaza. Nditabwerera ndinakauza abwana, nkhope ili yachisoni, kuti finisha wagona ndipo msonkhano ndi mawa. Anandigwira paphewa. “Madala, ntchito ija mukuikumbukabe?”

Usiku umenewo ndinayala milu 32 patebulo lalikulu. Mipukutu 40. Fomu ya ovataimu inali itasainidwa, Fanta ali pawindo. Ndinalowa m'bwalo. Chala kukamwa, tsamba. Koma mawondo sanalinso aja, malovu ankatha msanga, ndipo cha m'ma 9 koloko magetsi anazima, ndinapitiriza ndi tochi ya foni ili kukamwa, zomwe zinasokoneza dongosolo la chala. Finisha anali pakona, zitseko zotseka, osanena kanthu. Ndinamanga ndi mapini otsala a kugolosale aja, ndipo musitepula ya pamanja analowa mwaulemu kwambiri.

M'mawa ndikuthira tiyi, wapampando anati onse atsegule tsamba 12. Kunamveka mapepala okhaokha. Wina anati kwake tsamba 12 labwera pambuyo pa 21. Wina anali ndi tsamba 12 kawiri, wina analibiretu. Wapampando anavula magalasi n'kupukusa mutu. “Makina a masiku anowa! Ndalama zonse zija?” Abwana anatembenukira kwa ine, ndipo ndinaona kuti akufuna kunena chinachake, koma anakumbukira amene anasaina fomu ya ovataimu. Ine ndinapukusa nawo mutu, n'kufunsa wapampando ngati shuga wakwana.