Fodya wa Pachala ndi Amisiri a ku Mecanhelas

Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Amene anayambitsa mwambi umenewu ndimamuganizira kuti anali gogo wina wokonda nkhani, amene anagogoda kansupa kake n'kutsina fodya womaliza, koma m'malo monunkhiza pompo anati ayambe wamaliza kaye miseche ya mpongozi wake. Mwera unadutsa. Pomafika nacho chala pamphuno anapeza chili mbee. Kuchoka pachala kufika pamphuno si ulendo wofuna kamba, komabe makolo anaona kuti pakamtunda kakafupi chonchi munthu ukhoza kusaukirapo.

Ku Mecanhelas mwambiwu sachita kukuphunzitsa ndi aphunzitsi. Bomali lili kummwera kwenikweni kwa chigawo cha Niassa, likulu lake ndi Insaca, ndipo chakumadzulo kuli nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, kenako Malawi. Njanji yochokera ku Nkaya, yomwe inatsegulidwa mu 1970, imadumpha malire pa Nayuchi n'kulowa pa Entre Lagos ulendo wa ku Cuamba ndi Nacala, ndipo masiku ano sitima zazitali za malasha a ku Moatize zimadutsa pamenepo osagulako ngakhale nyimbo imodzi. Anthu amalima fodya, mpunga ndi chimanga, ena amapha matemba ndi milamba. Ndalama imaoneka kamodzi pachaka, ikabwera sikhala pansi. Pakati pa anthu amenewa pali kagulu kolimba mtima kamene kanasankha kudyera luso: atelala, olemba zikwangwani, ojambula mavidiyo a maukwati, ndi anyamata oyimba amene situdiyo yawo ndi chipinda chogona chokhomedwa matiresi pazenera.

Malipiro a onsewa amabwera ndi mawu amodzi: "Tikagulitsa fodya." Ndiye kuti ndalama ya woyimba imafesedwa panazale ya munthu wina, n'kuwokeredwa mvula ikagwa, n'kupachikidwa m'chigafa cha eni ake. Woyimbayo alibe ndime ngakhale imodzi ya fodya, koma mitambo ya matalala ikada ndi iye amene amayamba kupemphera. Mukamva wojambula mavidiyo akufunsa mwachikondi kuti, "Kodi amalume, feteleza wachiwiri uja munathira?" musaganize kuti wayamba ulangizi. Akuyendera ukwati umene anajambula chaka chatha. Fodyayo akagulitsidwa, kampani imayamba yadula ngongole ya mbewu ndi feteleza, kenako pamabwera malata, njinga yamoto, fizi ya ana ndi mayi wa kachasu amene wakhala akulemba m'kope kuyambira Januwale. Mmisiri amaima kumapeto kwa mzere umenewu, chipewa chili m'manja, nthawi zina banja limene anajambula litatha kale.

Wolemba zikwangwani anachenjera msanga. Ndi iye amene amajambula nsomba pakhoma la malo odyera, mitu yometedwa bwino pakhomo la ometa tsitsi, ndi dzina la golosale m'Chipwitikizi kutsogolo, m'Chinyanja chakumbali. Lamulo lake ndi lakuti theka la ndalama lilowe asanatsegule chitini cha penti, theka linalo lilowe ntchito isanathe, osati itatha. Choncho mukaona tambala wa pakhoma ataima ndi mwendo umodzi, kapena nsomba yokongola mamba onse koma yopanda diso, musafulumire kunyoza luso. Mwendo winawo uli m'thumba la mwini sitolo. Njira imeneyi ine imandisangalatsa chifukwa ndi yaulemu. Palibe kutukwanizana, palibe kutengerana kwa amfumu. Ngongole imangokhala pakhoma m'mbali mwa msewu, aliyense wodutsa n'kumaiwerenga, mpaka mwini sitolo atatopa ndi ana asukulu ofunsa kuti tambalayu anachita ngozi yanji.

Telala ndiye anautembenuza mwambiwu n'kuulozetsa kwa ife. Iye chikole ali nacho kale, poti nsalu ndi yanu. Cha kumapeto kwa Malichi amayi amakhala akukonzekera 7 Epulo, tsiku la amayi a ku Mozambique, limene linaikidwa pokumbukira imfa ya Josina Machel mu 1971. Gulu lililonse limafuna kuvala kapulana (chitenje) wofanana, ndipo khonde la telala limadzaza mpaka pamsewu. Sabweza munthu. Amalandira dipoziti ya aliyense, amayeza chiuno cha aliyense, ngakhale miyendo yopalasira makina ali nayo iwiri yokha. Mukapita pa 5 amakulandirani ndi nkhope yowala: "Bwerani mawa, achemwali, changotsala ndi zipi." Mukasuzumira m'thumba limene lili pansi pa makina mupeza nsalu yanu ili chipindire, sizasi isanaidutsepo. Pamenepo fodya wa pachala ndi wanu, mphepo ndi a telala. Sindiwaikira kumbuyo, koma ndimawamvetsa. Mu Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, palibe amene amasoketsa diresi, ndipo munthu amene wakhala miyezi iwiri akungomata zigamba pa mabuluku sangaone ndalama ikubwera yokha n'kunena kuti yakwana.

Mphepo yoopsa kuposa zonse imachokera kuchibale. "Alamu, pa ukwati wa mwana wanu yemwe mungatchule mtengo?" Gulu la oyimba limaimba kuyambira masana mpaka tambala woyamba, mafuta a jenereta ogula lokha, ndipo malipiro ake ndi mbale ya mpunga, mutu wa mbuzi, ndi mkulu wa mwambo wolengeza pachimkuzamawu kuti tiwaombere m'manja anyamatawa. Wogulitsa zingwe za gitala ku Cuamba salandira m'manja. Pali ndi mtundu wina wa bwana amene sanena za ndalama n'komwe. Iye amati, "Iwe uyimbe, ine ndikutchukitsa," ngati kuti m'boma limene aliyense amadziwa agogo a mnzake muli munthu amene sanatchuke.

Pamalire palinso vuto limene gogo wa kansupa uja sanalilotepo, lakuti fodya amatha kuchepa yekha ali pachala, mphepo isanawombe. Taganizirani gulu limene linagwirizana mtengo m'makwacha ndi mwini ukwati wa tsidya la Nayuchi mu Okutobala 2023, n'kudzalandira ndalamazo mu Disembala. Mwini ukwati sanabe kanthu, anapereka ndendende zimene analonjeza. Koma pakati apo, mu Novembala, banki yaikulu ya Malawi inali itagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo pokasintha kuti zikhale metikali anyamatawo anapeza kuti woyimba ng'oma anaimbira ulere. Mafoni nawo anabwera ndi M-Pesa, e-Mola, Airtel Money ndi Mpamba kudzafupikitsa kamtunda kaja, ndipo anakafupikitsadi, koma anabweretsanso wonamizira watsopano. Kale wangongole ankabisala kuseri kwa nkhokwe n'kutuma mwana kuti akanene kuti bambo achoka. Lero amayankha foni yekha, mawu ali phee: "Ndatumiza kalekale, achimwene, mwina ndi netiweki." Ndipo poti kumalire foni imadumphadumpha pakati pa netiweki ya mayiko awiri, bodzali limakhala ndi mboni.

Nanga amene amadyadi nyimbo ndani? Pitani pamsika mukaone mnyamata wa laputopu amene amathira nyimbo m'mamemori khadi. Woyimba amagulitsa thumba la mpunga kuti alipire situdiyo, kenako amapita kwa mnyamatayu kukapempha, nthawi zina ndi kangachepe m'manja, kuti nyimbo yake aziiphatikiza pa zimene anthu akugula. Aliyense wothiritsa amalipira wa laputopu. Pakatha mwezi nyimboyo ili m'chapa (minibasi) chilichonse ndi m'malo onse omwera, mwini wake n'kumadutsa panja wapansi akudzimvera yekha, m'mimba muli zii.

Intaneti inangokulitsa msika womwewu. Gogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, anaimbanso nyimbo yawo ya Linny Hoo pamodzi ndi Patience Namadingo mu 2020, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022 atolankhani ankanena kuti pa TikTok yaonedwa koposa ka 80 miliyoni. Anthu a m'mayiko amene sadziwa kuti Chiradzulu ndi phiri kapena ndiwo ankavina nyimboyo, gogowo alibe n'komwe foni yoonerapo zimenezi. Fodya wochuluka chonchi pachala chimodzi sanaonekepo chiyambire. Mabungwe oyesa kuthamangitsa mphepoyi alipo. Ku Malawi kuli COSOMA, imene inayamba mu 1992 ndipo imatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo n'kugawira eni ake, ku Mozambique kuli SOMAS. Koma ina ili ku Lilongwe, inayo ku Maputo, ndipo mnyamata wa ku Insaca amene nyimbo yake ikuvinidwa mbali zonse ziwiri za nyanja ya Chiuta amapezeka kuti likulu limene lili pafupi si la dziko lake, la dziko lakelo lili kutali moti ndalama ya ulendo ingadye zonse zimene akukalondola. Asadandaule kwambiri. Amene anapeka mwambi tikuseweretsawu, umene alaliki, aphunzitsi ndi olemba mayeso akhala akudyerapo zaka zonsezi, sanalandirepo tambala, ndipo dzina lake lomwe silikudziwika.

M'chigawo chomwechi cha Niassa muli munthu amene anapeza njira imene anzake sankaiyang'ana n'komwe. Feliciano dos Santos wa ku Lichinga, mtsogoleri wa gulu la Massukos limene linayamba mu 1994, amaimba m'Chiyao, Chinyanja ndi Chimakuwa. Anzake ali kalikiliki kulirira akazi owathawa, iye anatenga gitala n'kumaimba za kusamba m'manja, madzi aukhondo ndi zimbudzi. Anayambitsa bungwe la Estamos, limene linkaphunzitsa anthu kumanga zimbudzi zothira phulusa ndi dothi, zoti pakapita nthawi za m'dzenjemo zimasanduka manyowa a kumunda. Ndikukhulupirira kuti analipo oyimba amene ankamuseka. Mu 2008 analandira mphotho ya Goldman, imodzi mwa mphotho zazikulu padziko lonse za osamalira chilengedwe, ndipo Massukos inakaimba mpaka ku Ulaya. Oseka aja akadali pamzere, kumbuyo kwa mayi wa kachasu.

Komabe mwambiwu ukalowerera umawononga ntchito. Tamverani nyimbo zina za masiku ano. Mwa mphindi zisanu, ziwiri ndi nyimbo, zitatu ndi kaundula wa mabwana: mwini chigayo, wopikula matemba, mwini chapa, ndi mkulu wina amene ntchito yake siidziwika koma amafupa bwino. Amenewa amalipira pompopompo, ndiye woyimba amawatchula mpaka mawu amene anagona nawo usiku akuwaganizira amasowa pokhala. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene mwambiwu sungafotokoze. Kamnyamata kamene kamasema banjo ndi chigubu cha mafuta ndi waya wa buleki ya njinga, n'kumakhala kuseri kwa nyumba zaka ndi zaka kakulakwitsa nyimbo imodzimodzi, palibe amene anakalonjeza kanthu. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anaimba m'misewu ya ku Lilongwe zaka zambiri ndi gitala ndi babatoni wopanga okha, asanaitanidwe ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017 n'kuyamba kuyenda m'mayiko akunja. Akanamvera gogo wa kansupa mpaka kumapeto, bwenzi babatoniyo atasonkhera moto kalekale. Amisiri amene ndimawapatsa ulemu ndi amene amadziwa woti amuwerengere mwambiwu. Kasitomala amamuwerengera mokweza ndithu. Akakhala okha ndi chida chawo madzulo, amauiwala dala. Ambiri a iwo alinso ndi munda wa mpunga kudambo kapena bwato kunyanja, ndipo alibe nazo manyazi, chifukwa anaona mu 1995 ndi mu 2018 nyanja ya Chilwa itaphwa kuti asodzi akasowa nsomba, chinthu choyamba kuchotsa pa ukwati ndi oyimba.

Nyengo imene palibe mmisiri amene amatsutsana ndi makolo ndi ya kampeni. Ofuna mpando amakhala owolowa manja modabwitsa. Amafuna nyimbo, zikwangwani, malaya osindikiza nkhope zawo, ndipo amalonjeza kuti akangopambana adzamanga situdiyo yeniyeni ndi kugulira achinyamata magitala amagetsi. Wodziwa ntchito amamvetsera mwaulemu, n'kuyankha kuti, "Zikomo bwana, koma zanga zonse zilowe lisanafike tsiku lovota." Amadziwa kuti wogonja amathimitsa foni, wopambana amasintha nambala. Apa ndiye kukhala pamalire kumapindulitsa. Ku Mozambique anavota pa 9 Okutobala 2024, ku Malawi pa 16 Seputembala 2025, choncho woyimba wochenjera amapeka nyimbo imodzi yotamanda mtsogoleri wachikondi, womanga misewu, wokonda amasiye, n'kusiya mpata pamene payenera kulowa dzina. Chaka chimodzi amaigulitsa m'metikali, chaka chotsatira m'makwacha. Dzina la bwana likakhala lalitali amawonjezera mtengo, chifukwa woyimba ng'oma amayenera kudikira kuti lithe.