Odi pa Khonde la Alamu

Kale, tsiku la anakubala likafika pa 15 Okutobala, mwana wa m'tauni ankagula chitenje, paketi ya shuga ndi mtanda wa sopo, n'kukwera basi kupita kumudzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Masiku ano chitenje pachokha sichikwanira, chifukwa sichikokera anthu pa Facebook. A ku Area 47 ndi ku Area 18 anayambitsa mwambo wina: makolo azinyamulidwa pa galimoto, akagonekedwe pa loji, ajambulidwe atagwira tambula ya juwisi. Ambiri amathamangira ku Senga Bay, koma Okutobala ku Salima kumawotcha ndipo zipinda zimatha msanga. Otsalira, ndi ena ofuna kuoneka oganiza mozama, amaloza kumapiri a Dowa ndi Ntchisi.

Alamu anga, amene anakwatira mlongo wanga, ali m'gulu lachiwirili. Amagwira ntchito ku Capital Hill, ndipo dziko la Malawi amalidziwa kudzera m'mawekishopu. Ku Mponela, komwe boma limasamukira likafuna kuganiza, alamu amadziwa chipinda chilichonse chimene madzi ake otentha amatuluka. Ndiye atanena kuti apeza loji yabata m'mbali mwa phiri ku Ntchisi, yokhala ndi khonde loti munthu n'kukhalapo tsiku lonse osaonedwa ndi wina aliyense, tonse tinangovomera. Ine ananditenga kuti ndikhale dalaivala wachiwiri komanso wojambula, ndipo anandipezera kachipinda ka kuseri kwa khitchini.

Vuto loyamba linali lakuti makolo athu kwawo ndi ku Dowa komweko, kufupi ndi Kongwe. Titafika kudzawatenga, amayi anafunsa mlongo wanga kuti, "Ndiye mwati tikukaona chiyani?"

"Mapiri, amayi."

Amayi anacheuka, n'kuloza phiri limene limaoneka kuseri kwa nkhokwe. "Nanga ilo lalakwanji?"

Abambo sanatsutse. Anavala jekete yawo ya ku tchalitchi, ananyamula Baibulo ndi kawailesi, n'kukhala kutsogolo. Njira yonse, kuchokera pomwe msewu wa ku Ntchisi umapatukira pa Mponela, ankatchula dzina la boma lija kuti Visanza, monga linkatchulidwira kale, ndipo munda uliwonse umene tadutsa ankaupatsa chigamulo: uyu wachedwa kugalauza, uyu nazale ya fodya waisamala, uyu ndi mlesi ngakhale sindikumudziwa.

Alamu anaiwala chinthu chimodzi. Kumudzi khonde ndi la aliyense. Ndi pomwe amayi amatongolera chimanga ndi kusadzula nkhwani, ndi pomwe wodutsa m'njira amaima n'kupereka moni, ndi pomwe mlendo akagwa odi amamutulutsira mpando wa ndalema. Munthu wokhala pakhonde koma n'kumabisala anthu, amamukayikira. Mwina wadwala, mwina waba mbuzi, mwina m'nyumbamo akuweta zina zosatchulika masana. Malo obisika kumudzi ndi kuchipinda. Bambo saponda kuchipinda kwa mwana wake wamkazi wokwatiwa, mnyamata akasinkhuka amasamukira kugowelo, ndipo zovala zam'kati sizionedwa pa chingwe. Pa loji zinthu anazitembenuza. Khonde ndi limene analitchingira, pamene chipinda anachiikira chitseko chagalasi kuyambira pansi mpaka kudenga, bafa lili m'kati momwemo, pabedi atamwazapo maluwa. Amayi ataona maluwawo anafunsa motsitsa mawu ngati m'chipindamo munachitika zovuta posachedwa.

Chipinda cha makolo chinagundana ndi cha alamu. Makonde awiriwo anawalekanitsa ndi kampanda ka bango kofika m'chiuno, kamene pa chithunzi cha pa intaneti kankaoneka kotalika. Alamu anakayang'ana, anayang'ana mlongo wanga, n'kupita kukafunsa ku ofesi ngati pali chipinda china chakutali. Panalibe. Anthu a ku Lilongwe ofuna bata anali atabwera ambiri.

Tiyenera kukumbukira kuti ife ndife Achewa, ndipo alamu, ngakhale ali ndi madigiri awiri ndi galimoto ya ngongole, kwa amayi ndi mkamwini basi. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sadyera mbale imodzi, sakhala mphasa imodzi, ndipo akakumana m'njira wina amapatukira kutchire. Amalankhulana ali patalipatali, aliyense atayang'ana kwina. Ku Lilongwe zimenezi zimayenda bwino chifukwa alamu amachoka m'mawa n'kubwera usiku, ndipo amayi akabwera kudzacheza amakhala kukhitchini. Pano panali bango lokha.

Usiku woyamba abambo anachititsa mapemphero, monga mkulu wa mpingo wa Nkhoma Sinodi. Sanalowe kwa alamu, ayi, ulemu amaudziwa. Anangoima pakhonde pawo n'kuyambitsa nyimbo, ndipo alamu ndi mlongo wanga anatuluka kudzapolokezera ali mbali yawo, botolo la vinyo atalibisa kuseri kwa mphika wa maluwa. Pemphero linadutsa ku Mvera, kumene amishoni anafika mu 1889, linakhudza boma, mtengo wa feteleza ndi mvula ya chaka chino, n'kudzathera pa ana amene amawononga ndalama. Amen wa alamu anamveka wofooka. Kenako panadziwika kuti khoma la pakati pa zipinda nalonso ndi lopyapyala. Mlongo wanga atangoseka pang'ono chabe, mawu a abambo anamveka mumdima: "Kwagwanji kumeneko?" Kuyambira pamenepo, banja limene linalipira ndalama zambiri kuti lipume linkalankhulana pa WhatsApp, lili pabedi limodzi.

Kunja kusanayere bwino, amayi anali atadzuka kale. Anathyola timitengo kuseri, anamanga tsache, n'kuyamba kusesa khonde lawo. Atamaliza anaona kuti la ana nalonso lili ndi masamba, ndipo mayi weniweni sangasese theka la bwalo. Anazungulira n'kuyamba kusesanso kumeneko.

Nthawi yomweyo chitseko chagalasi chinatseguka. Alamu anatuluka ali chifuwa pamtunda, atavala kakabudula kofiira, kapu ya khofi ili m'manja, akudziwongola kuyang'ana kum'mawa kuti dzuwa liwapeze ali okha ndi chilengedwe. Ine ndinali pansi pa mtengo ndi foni, kufuna kujambula dzuwa lomwelo, ndiye zonse ndinaziona.

Amayi anaponya tsache, analumphira mbali yawo mwa liwiro limene dokotala wa mawondo awo sangakhulupirire, anagwada atafulatira, n'kuomba m'manja. Alamu ananjuta kuseri kwa kampanda kaja, mutu wokha ukuonekera. Apa munthu wa m'tauni akanangothawira m'nyumba. Koma moni unali utayamba, ndipo moni wa apongozi sauduladula.

"Mwadzuka bwanji kumeneko, apongozi?"

"Tadzuka bwino, amayi, kaya inu."

"Tadzuka. Nanga kunyumba munasiyako bwanji?"

"Kuli bwino, amayi."

"Mayi aja mwendo uja unasiya?"

"Ukucheperako, amayi."

"Nanga achimwene anu a ku Joni akumaimba?"

Anadutsa m'banja lonse la alamu, mmodzimmodzi, mpaka azakhali a ku Kasungu. Alamu ali chinjutire, khofi akudontha pa phazi, miyendo ikunjenjemera. Moni utatha anabwerera m'chipinda chokwawa chafutambuyo. Anatulukanso patapita nthawi atavala shati ya manja aatali ndi buluku, ndipo mpaka tsiku lonyamuka khonde lawo ankalipondapo atavala ngati akupita kukaonekera ku komiti ya Nyumba ya Malamulo.

Mbali inayo ya chipinda cha makolo kunali azungu awiri okonda kukwera mapiri. Iwowa anayanika zovala zawo zam'kati pa chitsulo cha khonde, poyera, zikupepeluka ndi mphepo. Amayi anaganiza kuti zachitika mwangozi. Anadikira eni ake atapita kunkhalango, anazinyamula ndi kamtengo, anazikulunga m'chitenje, n'kutuma mlongo wanga kuti akapereke kwa mayi wachizunguyo mwakachetechete, mwamuna wake asadziwe kuti zinaonedwa. Mzungu anathokoza, n'kuziyanikanso pomwepo. Amayi sanalankhulepo kanthu, koma mpando wawo anautembenuzira kukhoma.

Chinawapweteka mtima kwambiri chinali mnyamata woyala pabedi. Mwana wa eni, wamwamuna, kulowa kuchipinda kwa agogo ake n'kumagwira zofunda! Tsiku lotsatira anamupeza pakhomo n'kumuuza kuti, "Iwe mwana wanga, m'menemo ndakonza kale. Khala apa, udye nthochi." Mbale za chakudya cham'mawa ankazitsuka okha m'sinki ya kubafa asanazibweze.

Nyanja imene alamu analonjeza kuti imaoneka kuchokera pakhonde sinaoneke. Mwezi umenewu anthu amakhala akutentha tchire, ndipo utsi umaphimba chigwa chonse cha ku Nkhotakota. Abambo anayang'anitsitsa kum'mawa atatchinga maso ndi chikhatho, n'kufunsa kudzera pa bango kuti, "Nyanja mwalipira ija abweretsa nthawi yanji?"

Masana tinawatengera kunkhalango ya Ntchisi. Kumeneko alamu anapezanso mphamvu. Anafotokoza kuti m'mphepete mwa nkhalangoyi muli nyumba ya mu 1914, imene bwana DC wa nthawi ya atsamunda ankapumulirako pothawa kutentha kwa kunyanja, ndipo lero ndi Ntchisi Forest Lodge. Anati kuyambira kale anthu ozindikira akhala akubwera kuno kudzakhala paokha. Abambo anamvetsera mpaka kumapeto, atatsamira ndodo pansi pa chimtengo cha mizu yotambalala.

"Zoona, apongozi," anatero. "Makolo athunso ankabisala m'nkhalango muno. Koma iwo ankathawa nkhondo ya Angoni. Nanga inu mukuthawa yani? Kapena a katapila?"

Alamu anaseka, koma kuseka kwake kunatha msanga.

Madzulo ake, abambo anaitana mlonda amene ankadutsa ndi tochi. Anamufunsa kwawo, mfumu yake ndi mfunda wake. Sipanathe mphindi zambiri, zinadziwika kuti agogo ake a mlondayo anakwatira kumudzi kwa amalume awo a abambo. Mlonda anavula chipewa, anakhala pansi, n'kutumiza uthenga kukhitchini. Wophika anabwera kudzaona abale. Wosamalira maluwa anabwera ndi bawo. M'mawa mwake kunafika mayi wina wa m'mudzi wapafupi atanyamula nkhuku ndi kadengu ka mbatata ya kachewere, chifukwa anamva kuti kwabwera akuluakulu a ku Kongwe. Pofika masana khonde la makolo linali litadzaza, ndipo poti anthu sangakhale chiimire pamene pafupi pali mipando yopanda ntchito, kampanda ka bango kanasunthidwa mwaulemu n'kutsamiritsidwa kukhoma.

Pa khonde la alamu panakambidwa za mitengo ya fodya ku okushoni ku Kanengo, za mavenda a soya ndi masikelo awo, za mkangano wa malire a munda umene abambo anaugamula ngakhale mbali inayo kunalibe. Nthawi ya mauthenga a maliro pa wailesi, onse anakhala chete, ndipo dzina lililonse likatchulidwa pankapezeka wina wolidziwa. Azungu aja anabwera kudzajambula, n'kufunsa ngati mwambowu umachitika sabata iliyonse. Ine ndimaona kuti m'masiku onse aja, apa ndi pomwe makolo anasangalala zenizeni. Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Alamu ndinawapeza m'galimoto, kumalo oimikira, magalasi atakweza, mpando atagoneka.

"Alamu, bata lija mwalipeza?"

"Choka iwe."

Tsiku lonyamuka, mtsikana wa ku ofesi anabweretsa bilu. Inali yaitali kuposa mmene alamu anawerengera. Panali Fanta, Coca-Cola, tiyi wa mkaka, masikono, ndi mbale za tchipisi zimene palibe wa m'banja mwathu anadya. Pansi pa kapepala kalikonse panali siginecha ya abambo, yolembedwa bwino ndi dzanja la sukulu ya mishoni. Mnyamata wa ku bala anali atawauza kuti safunika kulipira, angosaina basi.

"Malo abwino awa," anatero abambo. "Mlendo ndi mame, apongozi. Sangachoke kukhosi kuli gwa."

Makina a khadi sankagwira, ndiye alamu anati alipira pa foni. Ku ofesi netiweki kunalibe. Mtsikana uja anati tsiku limenelo pa loji yonse ikugwira malo amodzi okha, pa ngodya ya khonde la chipinda cha agogo. Alamu anapita kukaima pamenepo, foni atakweza m'mwamba, pakati pa mlonda, wophika, mayi wa nkhuku ndi ena amene anabwera kudzatsanzika. Abambo anavala magalasi awo, anasuzumira pa phewa la mkamwini wawo, n'kuwerenga mokweza ndalama yonse, kuti amayi amene anakhala patali chifukwa cha ulemu amve nawo. Gulu lonse linati, "Hiii!" Wosamalira maluwa anawerengetsa pa zala kuti ndi matumba angati a feteleza, ndipo wophika anamutsutsa kuti wachepetsa. Netiweki inaduka, ndipo alamu anayambiranso.