Tsiku limene ndinalemba dzuwa ganyu

Namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022 n'kutilanda mamegawati pafupifupi 130, magetsi anayamba kubwera ngati mkamwini wangongole: pakati pa usiku, monyang'ama, n'kuchoka tambala asanalire. Ine ndinali nditangoyamba kuweta nkhuku zoyera kwathu ku Bvumbwe. Mwanapiye wongoswedwa kumene amafuna kutentha kwa madigiri 32 kapena kuposerapo sabata yonse yoyamba, ndipo za mtsinje wa Shire alibe nazo ntchito. Magetsi akayaka, mayunitsi ankatha ngati ndiwo za pamaliro. Akathima, thumba la makala ndilo linkaona zakuda.

Kenaka ndinakumbukira zomwe ndinamva pa wailesi, zoti ku Salima anayala mapanelo otulutsa mamegawati 60. Ndinadzifunsa: dzuwa lomwe likuyatsira dziko lingakanike anapiye 100? Komanso wantchito ameneyu safuna malipiro, sapempha ya mayendedwe, ndipo amalawirira kuposa ine.

Ndinakwera minibasi wa ku Limbe. Mnyamata wina wamalonda atangonditchula "bigi" katatu, ndinapezeka ndasenza panelo imodzi, batire ndi inveta, m'thumba mutangotsala ya basi. Paneloyo ndinaikhoma padenga moyang'ana kumsewu kuti opita kumsika aione. Chitukuko chobisa n'chitukuko chanji?

"Adadi," anatero Chisomo, mwana wanga wa Fomu 3, "mwailozetsa kumwera. Miyezi yozizira ino dzuwa limadutsa chakumpoto."

"Iwe," ndinatero ndikumuloza chala, "dzuwalo ndinayamba kuliona iwe usanabadwe."

Anapiye anafika mu Juni, chiperoni n'kufika nawo limodzi. Masiku atatu kunja kuli mbuu, mvula yowaza ili waa, waganyu wanga osaoneka ngakhale kudzapereka chifukwa. Madzulo magetsi atathima ndinaitana banja lonse kukhola, n'kulumikiza babu lofiira lotenthetsera anapiye ku batire. Linayaka. Ndinalankhulapo mawu pang'ono okhudza masomphenya.

Tisanamalize n'komwe kudya, inveta inayamba kulira pii, pii, pii. Anapiye anayankha onse pamodzi ngati kwaya ya Mvano. Kenaka mdima bii.

"Bambo a Chisomo," anatero mayi akunyumba akupitiriza kutema nsima, "waganyu wanu uja waweruka?"

Anapiye akazizidwa amaunjikana pakona n'kumapondana, wapansi ndiye amatsamwa. Ndinathamanga ndi mbaula, kabudula yekha m'chiuno, n'kumakupiza makala ndi chivundikiro cha poto. Usiku wonse ndinali chikhalire pa utuchi, zenera lili chitsegulire kuopa mpweya wa makala, ndikubalalitsa anapiye ngati wapolisi pa chipwirikiti. Kutacha ndinawerenga 93, ndipo ndinatuluka m'kholamo mutu uli mbee ngati ndachokera kuchigayo.

Chisomo anandidikira ndi kope pamphasa.

"Babu lanu limadya mawati 250. Likayaka maola 12, ndiye 3,000. Batire lanu ndi la mavoti 12, kuchulukitsa ndi 100 yalembedwa pambaliyi, tipeza 1,200. Koma batire la mtundu uwu mukamalikama kupitirira theka limafa msanga, choncho anu ndi 600 basi. Likhale lodzaza, maola awiri ndi theka osakwana. Mufunika mabatire asanu, ndipo kapanelo kamodzi aka sikangawadzaze."

Ndinamufunsa ngati kusukulu kwawo amaphunzitsanso ulemu. Mumtima ndinadziwa kuti safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya ndi njuchi zomwe.

Ndinakwera padenga usiku, anthu asakuona, n'kutembenuzira paneloyo kumpoto. Tsopano Loweruka lililonse ndimaipukuta fumbi ndi zitosi za nkhunda, chifukwa panelo yakuda imagwira ntchito ngati munthu wamatsire. Waganyu ndinamusinthira ntchito. Amayatsa timababu ta LED ta mawati asanu kuti nkhuku zizidya usiku, ndiponso kuti za mazira zomwe ndinaonjezera zizikwanitsa maola 16 a kuwala omwe zimafuna. Amatchajanso mafoni a anansi, ndalama zake amalandira ndi mayi akunyumba. Zotenthetsa ndinazibwezera ku mbaula ya makala. Mayunitsi akukhalitsako ndithu, ndipo ndikakhala pabawo ndimafotokoza masamu a Chisomo aja ngati ndinawatulukira ndekha.

Chondipweteka n'chimodzi. Sabata yomwe ija ya chiperoni, thadzi lachikuda la mayi akunyumba, lomwe linasowa masiku 21, linatulukira pansi pa nkhokwe ndi anapiye 11, onse onenepa, palibe ndi mmodzi yemwe wachimfine. Ndinaligwira n'kulitembenuza kuti ndione pomwe amalumikiza waya.

Linandijompha pachala, chala chomwecho chimene ndinalozera Chisomo.