Mawaya a pikapu ndi eni ake

Pikapu imachoka ku fakitale ili ndi batire la ma volts 12, alternator yolidzaza, ndi kabokosi ka mafyuzi komwe akatswiri anawerengera mofatsa. Ikangofika m'manja mwa mwini wake, masamu onsewo amathera pomwepo. Kaya ndi Hilux, Hardbody, Isuzu kapena Ranger, tsoka lake ndi limodzi: bambo akufuna maspotlight, masipika, filiji, hutala ya basi ndi pochajira mafoni a mudzi wonse. Ndalama yogulira zonsezi imapezeka. Yomwe imasowa ndi ya fyuzi. Nazi zina zomwe zimafupikitsa tsiku m'magalaja a ku Biwi ndi ku Ndirande anthu akamadikira sipeya.

Fyuzi yosapsa

Mkulu wina anamanga maspotlight awiri a ma watts 100 lililonse, n'kuwalumikiza ku waya wa timagetsi ta paki. Akangoyatsa, fyuzi phwaa! Kuika ina, phwaa! Atatopa anapinda kachidutswa ka waya wa mpanda n'kukasomeka pamalopo. Kutacha anapita kukadzitama ku galaja.

"Achimwene, ndapeza fyuzi yosapsa. Inu amakaniko mumangotidyera."

Makaniko anasuzumira, ananunkhiza, n'kubwerera m'mbuyo.

"Zoona bwana, imeneyi siipsa. Koma galimotoyi muziimika kutali ndi nyumba."

Masamu ake ndi a ku pulayimale: ma watts 200 kugawa ndi ma volts 12, tikupeza ma amps opitirira 16. Waya ujayo anali ndi fyuzi ya 10. Fyuzi siinkavuta, inkafa dala kuti waya apulumuke. Mukailanda ntchito imeneyo, wotsatira kupsa ndi waya, ndipo waya amadutsa pansi pa dashboard, pafupi ndi mawondo anu.

Za Maule muno ayi

Mafyuzi a timiyendo tiwiri aja amadziwika ndi mitundu: yofiira ndi ya ma amps 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Makaniko wina akumaliza kuika pochajira foni m'pikapu ya sapota wa timu ya mpira ya Manoma, anatulutsa fyuzi yofiira.

"Chimenecho sichilowa m'galimoto yanga. Ikani yabuluu."

"Madala, kawaya aka n'kowonda, kakufuna ya 10."

"Ndati zofiira za Maule muno ayi."

Anakokanakokana mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza makaniko anazula waya yense n'kuika wonenepa woti apirire ma amps 15, mtengo n'kukwera. Mkuluyo analipira akumwetulira. Atachoka, makaniko anauza sipanala boyi wake kuti, "Iwe, tithokoze Mulungu kuti timu yawo siivala zobiriwira. Bwenzi foni tikuikokera waya wowotcherera zitsulo."

Tiyi wa ku Chikangawa

Banja lina linali pa ulendo wa ku Mzuzu m'mwezi wa June. Pofika ku Chikangawa, chifunga chili mbuu, mano akugundana. Bambo anaimika galimoto n'kutulutsa chida chatsopano: inverter yolembedwa 2000W, yosandutsa magetsi a batire kukhala a ma volts 230 a m'nyumba. Anaisomeka pa soketi yoyatsira ndudu, yomwe fyuzi yake anali ataithetsa kale mwa nzeru za mkulu wa waya wa mpanda uja, n'kulumikiza ketulo ya kukhitchini.

"Mayi a ana, konzani makapu."

Patapita kanthawi mayi anafunsa, "Awira, bambo?"

"Madzi ayi. Koma soketi yawira."

Soketi imeneyi nthawi zambiri imalola ma amps 10 kapena 15, kutanthauza ma watts osapitirira 180. Ketulo ya ma watts 2000 imafuna ma amps oposa 160, omwe alternator ya mapikapu ambiri siiwafikira n'komwe. Inverter yaikulu imafuna chingwe chachifupi chonenepa, chochokera ku batire lenilenilo, chokhala ndi fyuzi yakeyake. Tiyi anakamwera ku Mzuzu, atayenda njira yonseyo mawindo ali pululu kuthawa fungo la pulasitiki.

Perekaniperekani

Pa ukwati wina kumudzi kopanda magetsi, alamu a mkwati anadzipereka. "Jenereta ya chiyani? Pikapu yanga ilipo." Analumikiza amplifier ku batire, n'kuzimitsa injini kuti dizilo asathe. Perekaniperekani anayenda bwino mpaka dzuwa kulowa. Itakwana nthawi yonyamula akwati, alamu anapotokola kiyi. Galimoto inangoti tche, tche, tche.

Anyamata a kwaya anavula majekete n'kuyamba kukankha. Anaifikitsa pa chigayo, n'kubwerera nayo. M'pamene kamnyamata kena kanasuzumira pa windo.

"Amalume, kodi yopanda klatchi imalira poikankha?"

Inali ya otomatiki.

Ankhoswe anatembenukira akwati aja. "Paja dzulo tinakulangizani za kupirira. Yambani pompano, kwanu si kutali."

Batire lodzaza limaonetsa ma volts 12.6, ndipo injini ikamalira alternator imalikweza kufika cha m'ma 14. Injini ikazima, nyimbo iliyonse imadya mphamvu yodzalizira injiniyo. Odziwa amaika batire lachiwiri, pakati n'kuikapo isolator: imalumikiza mabatire awiriwo injini ikamalira, n'kuwalekanitsa ikazima. Mapikapu atsopano omwe alternator yake imalamulidwa ndi kompyuta amafuna DC-DC charger pa ntchito yomweyo.

Mbuzi ya sing'anga

Wogulitsa chimanga wina anawonjezera magetsi kumbuyo kwa pikapu atangoipentetsa kumene. Kuyambira tsiku limenelo zinayamba zodabwitsa. Akayatsa indiketa, magetsi a buleki akuphethira. Akaponda buleki, dashboard ikuyaka. Anakumbukira mnzake wa pamsika amene sanamuyamikire tsiku lomwe anagula galimotoyo. Anapita kwa sing'anga, anapereka mbuzi, n'kupatsidwa kachithumwa kopachika pa galasi loonera kumbuyo. Magetsi anapitiriza kuvina.

Atasowa mtengo wogwira anapita ku galaja. Makaniko anamasula bawuti imodzi, anapala penti ndi sandipepa mpaka chitsulo kuwala, n'kumanganso waya wa earth. Zonse zinatha. Magetsi a galimoto amabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimotoyo, ndiye akapeza penti kapena dzimbiri panjira amakadutsira m'mababu a eni ake.

"Ndiye mbuzi yanga ija yangopita?"

"Musadandaule bwana, ikubwera konkuno. Pikapu ya asing'anga anuwo ndimakonza ndine, ndipo ali ndi ngongole."

Wailesi ya chambuyo

Mnyamata wina wodziwa zonse anaikira amalume ake wailesi yatsopano. Tesita analibe, choncho anasenda waya yemwe anayamba kumupeza pansi pa kapeti. Poyesa, amalume anali akutuluka chambuyo pa geti, wailesi n'kulira bwinobwino. Mnyamata analandira ya sopo n'kuzimiririka. Pofika pa msewu, zii! Waya uja anali wa magetsi a rivesi.

Loweruka masana anthu anaona pikapu ikuzungulira bwalo la sukulu chambuyo. Aphunzitsi aakulu anaithamangira.

"Bambo, kwagwanji?"

"Chete aphunzitsi, penate!"

Aphunzitsi atawauza kuti akanangoika giya ya rivesi galimoto ili chiimire, amalumewo anati anayesa kale, koma timu yawo imagoletsa galimoto ikamayenda.

Waya samusenda mongoganizira, amayamba amuyeza ndi tesita kapena multimeter. Ndipo mukaona mawaya okutidwa ndi zachikasu pafupi ndi chiwongolero kapena pansi pa mpando, bwezani mpeni m'thumba, chifukwa kawirikawiri amakhala a airbag.

Mtengo wa relay

Maspotlight ndi hutala zazikulu siziyenera kudutsitsa mphamvu zake zonse pa kaswitchi ka pa dashboard. Switchi ndi kapitawo wongoloza ndi chala, relay ndiye waganyu wosenza matumba. Relay wamba imakhala ndi miyendo inayi yolembedwa manambala: 30 imalandira moto kuchokera ku batire kudzera pa fyuzi, 87 imaupititsa ku nyali, pomwe 85 ndi 86 ndi za kamoto kochepa kochokera ku switchi kupita ku earth.

Makaniko wina analemba manambalawa pa katoni pophunzitsa sipanala boyi. Mwini galimoto atafika anayang'ana katoniyo, nkhope n'kugwa.

"Achimwene, 87 ndiyo sindingakwanitse. Pa 86 ndi 85 mwangochotsa pang'ono. Tiyeni tigwirizane pa 30."

Makaniko, yemwe mumtima ankaganiza zotchaja 15, anapukusa mutu mwachisoni kwa nthawi yaitali.

"Chabwino bwana, poti ndinu kasitomala wathu."

Hutala pa maliro

Waya wodutsa pa chitsulo cholekanitsa injini ndi pokhala anthu amafuna kamphira kotchinga m'mphepete mwa bowo. Amafunanso kukhala wa timawaya tambiri tofewa, osati wouma wa m'nyumba yemwe amathyoka galimoto ikamagwedezeka. Mkulu wina anaboola chitsulocho ndi msomali, anadutsitsa waya wa batani la hutala ya mpweya, kamphira osaika. Msewu wafumbi unachita mbali yake: chitsulo chinasenda waya, ndipo pa bampu iliyonse waya ankakhudza bodi, hutala n'kulira.

Tsiku lomwe zinayamba ndi lomwe anapemphedwa kunyamula bokosi kupita kumanda. Kumbuyo amayi a mpingo akuimba motsitsa, kutsogolo pooo! Abusa kukweza dzanja, pooo! Njira ya kumandako inali ya mizere ya chinangwa yokhayokha.

Pa bwalo, amfumu sanachulutse gaga m'diwa. "Malemuwa anakhala nafe zaka zonsezi osakwezapo mawu. Inu mwawaperekeza ndi hutala ya basi ya ku Joni."

Anagamula nkhuku ziwiri. Pochoka, pikapu inagunda muzu wa mtengo wa pabwalo pomwepo. Zinakhala zitatu.

Mphete

Musanagwire waya aliyense, masulani kaye mutu wa negative pa batire. Mukayambira ku positive, sipanala ikakhudza bodi imathetheka moto wa ma amps mazanamazana. Mphete kapena wotchi yachitsulo ikapezeka pakati imatentha mpaka kuwotcha mnofu, n'chifukwa chake amakaniko amavula.

Bambo wina anamva phunziro limeneli n'kulisunga. Lachisanu anafika pakhomo pakati pa usiku, chala chili chopanda kanthu.

"Mphete ili kuti, bambo?"

"Akazi anga, nkhani ya chitetezo imeneyi. Munthu ukamagwira batire umayenera kuvula."

"Ndinamva, n'zoona ndithu. Koma pikapu ili panjapo kuyambira Lachiwiri, ndipo batire lake ndi ili tikuonera TV."

Wogula wabwera

Ntchito yolongosoka siivuta kuizindikira. Pa batire pamachoka waya mmodzi wonenepa, fyuzi yaikulu ili pafupi penipeni ndi batirelo kuti chingwe chonse chitetezeke. Wayayo amakathera pa kabokosi ka mafyuzi, pomwe chida chilichonse chili ndi yakeyake, yolembedwa dzina.

Pikapu yomwe mkulu wina ankagulitsa siinali yotero. Wogula atatsekula boneti anapeza mutu wa positive utamera ndevu: mawaya ofiira, akuda, a wailesi yakale, ena omangidwa ndi jumbo m'malo mwa tepi.

"Uyu ndi wa chiyani?"

"Wa filiji."

"Filijiyo ili kuti?"

"Tinagulitsa nthawi ya fizi."

"Nanga uyu?"

"Ameneyo musamukhudze. Komwe amapita sitikudziwa, koma mukamuchotsa mawaipa amaima."

Wogula anatulutsa cholembera. "Tichite chonchi, madala. Waya aliyense wopanda fyuzi ndikuchotsa kenakake pa mtengo."

Anayamba kuwerenga mokweza, akulemba pa chikhatho. Atafika pa waya wa nambala 9, mwini galimoto anamugwira dzanja.

"Imani pomwepo, achimwene. Mukafika kumbuyo kwa dashboard, ndine ndikulipireni kuti muitenge."