Sinema yanga ili pamatumba a chimanga

Bambo aliyense akafika msinkhu winawake amafuna kachipinda koti azitsekeramo, komwe uthenga woti mchere watha sungamupeze. Anzanga ena amamanga khola la nkhunda. Ine ndinasankha home theater, nditaona pa YouTube mkulu wina wa ku America atayedzamira pampando wachikopa, mdima uli bii, mpira ukuseweredwa pakhoma lonse.

Chipinda chinalipo kale: sitolo yathu, momwe mumagona matumba a chimanga ndi njinga yopanda tcheni.

Ndinayamba ndi masamu, poti ndine munthu wopita kusukulu. Odziwa amati TV ya mainchesi 55 uzionera utakhala mamita awiri kapena kuposerapo pang'ono. Nditayeza ndi tepi yobwereka kwa telala, malo aulemuwo anagwera ndendende pamene pali matumba. Ndinapempha amayi akunyumba kuti chimangacho tisamutse.

"Bambo a mwana, chimangachi chitifikitsa mu Febuluwale. TV yanuyo itifikitsa kuti?"

Chimanga chinakhala. Mpando wanga wachikopa tsopano ndi thumba la makilogalamu 50, lonunkha mankhwala a anankafumbwe.

Kenako masipika. Apa mverani bwino, chifukwa nzeru izi ndinazigula modula. Akati 5.1 amatanthauza masipika asanu ndi wufa imodzi. Atatu amakhala kutsogolo, ndipo yapakati ndiyo imanyamula mawu a anthu olankhula. Awiri amakhala m'mbali, chakumbuyo pang'ono kwa makutu. Wufa ntchito yake ndi kugunda basi. Anga ndinagula m'shopu ina ku Limbe, ndipo pabokosi analemba zilembo zofiira: 5000W PMPO. Ndinayenda nalo bokosilo zilembo zitayang'ana kumsewu kuti anthu aziwerenga. Mphwanga wophunzira zamagetsi ndiye anandithira madzi ozizira. Anati pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fyuzi ya 13 amps, ndipo pa 230 volts singatulutse mawati oposa 3,000. "Achimwene, nanga ena 2,000 akuchokera kuchitsime?" Mwana ameneyu fizi yake ndinalipirako ine.

Mawaya a masipika akumbuyo anali aafupi. Ndinalumikiza ndi tepi yakuda n'kuwadutsitsa m'mwamba, kuchokera pamsomali wa khoma ili kukafika pa khoma ilo. M'mawa mwake ndinapeza amayi akunyumba atayanikapo yunifolomu ya mwana ndi masokosi, poti kunja kunali mitambo.

Tsiku loyesa linafika. Pansi simenti, makoma opanda kanthu, pamwamba malata opanda siling'i. Munthu wa m'filimu akati "moni", khoma limayankha, denga n'kuvomera. Anzanga a pabawo onse anagwirizana kuti mankhwala ake ndi mathireyi a mazira. Ndinazungulira maokala onse kupempha, mpaka mayi wina anandifunsa ngati ndayamba kuweta nkhuku. Ndinamata khoma lonse. Zoona zake n'zakuti thireyi ya mazira ndi yopyapyala, phokoso limangodutsa osagogoda. Chimene chimameza mawu ndi zinthu zochindikala monga kapeti ndi makatani olemera. Amene anathokoza ntchito yanga ndi mphemvu, zomwe zinapeza nyumba zomangidwa kale, banja lililonse chipinda chake.

Chodabwitsa n'chakuti mbali ya chipinda imene imamveka bwino ndi ya kumatumba. Chimanga chimameza mawu kuposa zonse zimene ndinagula. Nkhani imeneyi amayi akunyumba sindinawauze, ndipo nanunso musawauze.

Wufa ilibe chinsinsi. Kugunda kwake kumaboola njerwa, choncho sabata isanathe mdadada wonse unadziwa kuti kwathu kwabwera zinthu. Alandilodi anabwera kudzadandaula kuti makapu akuvina m'kabati mwawo. Anaima pakhomo, anayang'ana TV, anafunsa kuti amene akumenyedwayo walakwanji, ndipo anachoka filimu itatha. Ana a aneba anayamba ndi pawindo, lero ali pamkeka kutsogolo. Apongozi anabwera kuti adzangoona mdzukulu, koma rimoti ili m'chitenje mwawo, ndipo safuna china koma mafilimu a ku Nigeria ndi aja omasuliridwa m'Chichewa, omwe womasulira amakuwuziratu kuti uyu afa.

Za mdima sindinavutike nazo, magetsi akathima umabwera wokha waulere. Mvula ikayamba kuwomba malata, masipika onse asanu amangokhala zokongoletsa, ndipo timaonera milomo ikuyenda, apongozi n'kumatifotokozera zimene akunena.

Mpira umene ndinamangira zonsezi ndimakaonera ku video show ya kumsika, molipira, nditapanikizana pabenchi ndi anyamata a kabaza. Kunyumba amayi ayamba kugulitsa mafirizi ndi zitumbuwa pakhomo la sinema, ndipo ine andipatsa udindo wolondera nsapato za makasitomala. Dzulo alandilodi atumiza mwana kudzanena kuti lendi ikwera mwezi wamawa, poti nyumba ya bizinesi ili ndi mtengo wake.