Mimba ndiye mphunzitsi ku Angónia

Pamsika wa ku Ulongwe pali galu amene mwini wake amati ndi mbuli. Kumuitana dzina, sacheuka. Kumuuza apirikitse mbuzi m'munda wa kachewere, amangoyasamula. Koma wokazinga tchipisi akangogogoda chiwaya, galu uja dzambatu, malovu chuchuchu.

"Ine chaka chonse ndikumuphunzitsa osamva, wa tchipisi tsiku limodzi lokha," anadandaula mwini galu.

"Kodi achimwene, mumamuphunzitsa nthawi yanji?"

"Akatha kudya."

"Ndiye mbuli ndani pamenepa?"

Wofunsayo sanapite patali ndi sukulu, koma analasa. M'zaka za m'ma 1990, katswiri wa za ubongo Wolfram Schultz ku Fribourg, m'dziko la Switzerland, ankadonthezera anyani madzi a zipatso m'kamwa n'kumaona zochitika mu ubongo. Chokoma chikabwera mosayembekezereka, dopamine, mthenga wa mu ubongo, ankatuluka wambiri. Anyani atazolowera kuti kanyali kakayaka chokoma chili m'njira, dopamine uja anasamukira pa kanyaliko. Chiwaya chija ndiye kanyali ka galu wathu. Ndipo mimba ili ndi mthenga wake, ghrelin, amene akatswiri a ku Japan anamutulukira mu 1999. Mimba ikakhala pululu, iyeyu amakasonkhezera dopamine.

Bambo wina wa ku Domwe anamumva bwino mthengayu. Anapita kumsika wa Lizulu, pamalire ndi Malawi, kukagulitsa kachewere kuti agule feteleza, koma ananyamuka osalawa kanthu. Anayambira pa kanyenya, n'kupita pa mandasi, n'kubwereranso pa kanyenya poopa kuti mwina poyamba paja sanamve bwino. Madzulo anafika ndi kajumbo ka usipa basi.

"Bambo a kuno, feteleza ali kuti?"

Bambo anasisita mimba. "Ndathira kale, mayi. Tidikire mvula."

Ngakhale ntchentche za pazipatso zili chimodzimodzi. Mu 2009 gulu la Scott Waddell ku America linaziphunzitsa kuti fungo lakutilakuti limabwera ndi shuga. Zanjala zinkalilondola, zokhuta zinkachita ngati sizinaphunzirepo. Aphunzitsi amene mukuganiza zomana ana phala, pepani, phunziro lomwe njala imalimbikitsa ndi la komwe kuli chakudya, osati samu.

M'mwezi wa February, nkhokwe zitayera, m'mudzi wina kufupi ndi Lifidzi munali malume amene ankafika pakhomo nthawi yeniyeni yoomola nsima. Apabanja anasintha nthawi yophika. Malume anafika n'kupeza mbale zotsukatsuka, nkhope inagwa. Schultz anaonanso zimenezi: chimene umayembekezera chikapanda kubwera, dopamine amatsika, ubongo n'kukonza mawerengedwe ake. Malume anayamba kuyang'ana utsi. Apabanja anayamba kuphikira pa mbaula kuseri kwa khola. Mawa lake anangomva "Odi!"

"Malume, lero mwadziwa bwanji?"

"Nkhuku zanu zonse zasowa pabwalo, mphwanga. Ndimati ndikuthandizeni kufunafuna."