Nyerere za pa Kameza

Pa raundabauti ya Kameza, pomwe msewu wa ku Chileka umasiyana ndi wa ku Lunzu, mapolo a ESCOM ndiwo amatsatsa nyumba za lendi ndi mapuloti. Timapepala tomatidwa pamenepo tautembenuza mwambi wa chikomekome cha mkuyu, pakuti nyerere zake zili kunja. Pepala limodzi la A4 limasenza zipinda, siling'i, matailosi, mpanda, geti, mita ya madzi, manambala atatu a foni ndi vesi la m'Baibulo, zonse m'tizilembo tothithikana. Wa mu minibasi amangoona mzere wakuda ukukwera polo, chonsecho nyumbayo mwina ndi yabwinobwino.

Kukonza kwake sikufuna digiri. Wokwera minibasi amawerenga kondakitala asanamenye chitseko, choncho pepala limafuna chithunzi chimodzi chachikulu, dera, mtengo ndi nambala imodzi yooneka patali. Kungolemba kuti Machinjiri n'kosakwanira, pafunika Area yake. Mtengo ndiwo umavuta. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, maejenti ena anayamba kusiya mpata woti azilembamo ndi cholembera, ndipo mpatawo umafufutidwa kawirikawiri kuposa bolodi ya Sitandade 1. Inki ya pulinta wamba imasungunuka ndi mvula yoyamba, n'chifukwa chake ochenjera amavekera pepalalo pulasitiki.

Anyamata odziwa pulogalamu ya Canva zonsezi anazikonza kale, ndipo mwambi uja unabwerera m'malo mwake. Wojambula amanyonyomala pakona ya mpanda kuti chimbudzi cha aneba chisalowe. Kumwamba amakuthira buluu, kapinga amabwereka pa intaneti. Pansi amalemba kuti ndi mphindi zisanu kuchoka patala, osanena ngati n'za kabaza kapena za mayi wosenza ndowa. Zotsalazo munthu amakazionera yekha, ejenti atalandira kale ya mayendedwe.

Pali mizere iwiri yomwe opanga timapepala saipezera malo. Wina ndi wa mapepala a puloti: ali m'dzina la yani, ndipo sanagulitsidwepo kwa munthu wina? Winawo ndi wa njira ya madzi nthawi ya dzinja. Namondwe wa Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, wofuna malo m'mbali mwa phiri ayenera kuuzidwa zimenezi m'zilembo zazikulu kuposa za matailosi.